Manja akukana kuthamanga pa ng'oma: komwe vuto limabisala ndi mmene mungalichotsere

Vutoli limabwera mofanana kwa pafupifupi aliyense amene wayamba kuimba ng'oma za timitengo, kaya ali m'bandi ya kutchalitchi ku Chinamwali, kaya m'gulu la achinyamata ku Sadzi, kaya ndi wophunzira wa ku Chirunga, konseku kuno ku Zomba. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba zinthu zimayenda, manja amagwira msanga zimene akuphunzitsidwa. Kenaka liwiro limaima malo amodzi. Mumayeserera tsiku ndi tsiku, koma mukangoti muwonjezere changu, mkono umauma, dzanja lamanzere limatsalira, ndipo ng'oma imayamba kulira motsimphina.

Ambiri akafika apa amaganiza kuti chikusowa ndi mphamvu, ndiye amayamba kumenya molimbika ndi kufinya timitengo. Apa mpamene zinthu zimaipiraipira. Kamtengo kakagunda chikopa chokungika kamabwerera kokha ngati mpira wonjanja pa simenti. Ntchito ya dzanja ndi kukaponya pansi, n'kukalola kuti kabwerere. Pafupifupi cholakwika chilichonse chomwe chili m'munsimu ndi njira ina imene dzanja limatsekerezera kunjanjako, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake chimene khutu kapena diso lingathe kugwira.

Zoyamba kukhala nazo

Popeza mawu akuti manja ndi manzere onse amayamba ndi M, tigwiritsa ntchito zilembo zimene oimba ng'oma amalemba kulikonse: R ndi dzanja lamanja, L ndi lamanzere. Ngati ndinu amanzere, tembenuzani zonse zimene tinene za dzanja lofooka.

Bungwe la Percussive Arts Society linasanja mndandanda wa kamenyedwe koyambira, kotchedwa rudiments, mitundu 40 m'chaka cha 1984. Musadzipanikize ndi yonseyo. Itatu yokha ndi imene ikunyamula inzake. Single stroke ndi kusinthanasinthana manja: R L R L. Double stroke ndi kawirikawiri: R R L L. Paradiddle ndi kusakaniza ziwirizo: R L R R, L R L L.

Mufunika metronome, kachipangizo kogunda mobwerezabwereza pa liwiro losasintha. Ya pafoni, yaulere, ndi yokwanira, ndipo yambiri imagwira ntchito popanda intaneti. Nambala imene imaonetsa ndi kuchuluka kwa kugunda kwake pa mphindi imodzi. Ikakhala pa 60, ikugunda kamodzi pa sekondi. Mukamamenya kanayi pa kugunda kulikonse pa 60, ndiye kuti mukumenya ka 240 pa mphindi. Pa 120 mukumenya ka 480, dzanja lililonse kanayi pa sekondi.

Powerenga, gwiritsani ntchito mayina amene lilime linazolowera kale. "Zo-mba" ndi kawiri pa kugunda kumodzi, "Chi-ka-nda" ndi katatu, "Ma-ta-wa-le" ndi kanayi. Koma chenjerani: polankhula timakoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza, n'kumati "Matawaale". Mukatero pa ng'oma, manja adzakoka nawo. Tchulani maphatikizo onse mofanana, mouma, ngati madontho ogwa kuchokera pa malata.

Chomenyapo chabwino ndi practice pad, thabwa lokutidwa ndi mphira. Ngati kugula kukuvuta, pangani nokha. Pezani thabwa lolimba ndi losalala la masentimita 20 mpaka 25 mbali zonse, ndi chubu chakale cha lole kwa okonza matayala. Dulani zidutswa ziwiri kapena zitatu, zitsukeni, ndipo muzimate pathabwapo chimodzi pamwamba pa chinzake ndi guluu wa nsapato mpaka mphira ufike mamilimita 5 kapena 6. Chisanjikeni ndi njerwa usiku wonse kuti pasatsale mpweya pakati. Pansi pake ikani nsalu kuti thabwalo lisamathawe.

Pezani liwiro lanu lenileni

Musanakonze kanthu, dziwani pamene vuto likuyambira. Ikani metronome pa 60, menyani R L R L kanayi pa kugunda kulikonse kwa mphindi imodzi yathunthu osaima. Zikayenda bwino kwezani ndi 5, mubwerezenso. Pitirizani mpaka chimodzi mwa izi chichitike: phewa lakwera, mwasiya kupuma bwino, kamtengo kamodzi kakukwera kuposa kanzake, kapena mwayamba kutsalira. Nambala yomaliza imene munamaliza nayo mphindi yonse mosadodoma ndiyo liwiro lanu. Limakhala lotsika kuposa mmene munthu amaganizira, ndipo zimenezo si zodandaulitsa. Zoyeserera zikubwerazi, pamene sitinatchule nambala ina, muziyambira 15 kapena 20 pansi pa nambala imeneyo.

Mkono ukuuma ndi kutentha pasanathe mphindi imodzi

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo gwero lake ndi kagwiridwe. Menyani kwa masekondi 30 pa liwiro limene limakuvutani, kenaka imani mwadzidzidzi osamasula dzanja, muyang'ane chikhadabo cha chala chachikulu. Ngati chayera kunsonga, magazi athawamo chifukwa mukufinya. Yang'ananinso pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Payenera kuoneka kampata. Ngati patsekeka, kamtengo mwakapanikiza ngati mpini wa khasu.

Khutu nalonso limauza. Kamtengo kogwiridwa momasuka kamalira kokha, kamamveka mtengo wake, kuti "tok". Kofinyidwa kamangoti "thi", phokoso lakufa.

Kukonza kumayamba ndi kupeza malo oyenera kugwira. Kamtengo ka saizi ya 5A, kamene ambiri amagwiritsa ntchito, n'kotalika pafupifupi masentimita 40, ndipo malo amene kamanjanja bwino ali pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kumbuyo, cha pa masentimita 12 kapena 13. Musangoyeza ndi rula. Kagonekeni pa chala cha mkombaphala, kwezani nsonga, n'kuisiya igwe yokha pathabwa. Werengani kuti yanjanja kangati. Sunthani chala pang'ono, muyesenso. Pamene yanjanja kambiri ndi pomwepo; lembanipo ndi cholembera. Mukagwira kumbuyo kwenikweni, nsonga imalemera n'kufera pachikopa. Mukagwira pakati, kamtengo kamapepuka n'kusowa chobwerera nacho.

Pa chizindikiro chimenecho ikani chala chachikulu mbali imodzi ndi cha mkombaphala mbali inayo. Zala zitatu zotsalazo zikumbatire kamtengo mofewa, zisachoke n'kuloza m'mwamba, komanso zisakamatize pachikhatho. Mnzanu akagwira nsonga n'kukoka pang'ono, kamtengo kayenera kusololoka.

Tsopano choyeserera chake. Yambani nsonga italoza m'mwamba, masentimita 25 mpaka 30 kuchokera pathabwa. Ponyani pansi ndi mfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi paja, ndipo dzanja litsatire kamtengo pobwerera mpaka kafike pamene kanachokera. Musakanyamule. Mukamva kuti mwagwira ntchito kawiri, kutsitsa ndi kukweza, ndiye kuti simunakalole kunjanja. Ntchito ndi imodzi basi, kutsitsa. Chitani kasanu ndi katatu dzanja lililonse, kawiri pa kugunda kwa metronome, pa 60, kwa mphindi zisanu. Zimaoneka ngati zachibwana, koma munthu amene wadumpha zimenezi amadzabwererako patapita zaka, mkono utamupweteka kale.

Mwina munaonapo asilikali kapena apolisi pa perete akugwira kamtengo kamanzere chagada, kali pakati pa zala. Kagwiridwe kameneko kanabadwa chifukwa ng'oma yoguba nayo inkalendewera pa lamba chopendekeka, ndipo dzanja lamanzere silikanaifikira bwino mwanjira ina. M'tauni ya asilikali ngati ino, momwe muli Cobbe Barracks komanso momwe gule wa beni wotengera perete amadziwika, n'zosadabwitsa kuti achinyamata amakakhumbira. N'kabwino, koma ngati ng'oma yanu yakhala chathyathyathya pa choimikira, yambani ndi manja onse ogwira mofanana. Mudzatha kuyerekeza dzanja lofooka ndi lamphamvu mosavuta.

Ng'oma ikulira motsimphina

Single stroke yabwino imamveka ngati dzanja limodzi. Ikamamveka "TA-ka-TA-ka", kwina kokweza kwina kotsika, pali zifukwa zinayi, ndipo muzifufuze motsatana chonchi chifukwa zoyambazo n'zosavuta kuchotsa.

Choyamba sinthanitsani timitengo, kamanja kapite kumanzere. Ngati kulira kofooka kwasamukira ku dzanja lina, vuto ndi kamtengo, osati inu. Chachiwiri onani pamene nsonga zikugwera. Jambulani ndi choko kabwalo ka masentimita 5 pakati pa thabwa, nsonga zonse ziwiri zizigwera m'menemo. Pa ng'oma yeniyeni pakati pamalira mosiyana ndi m'mphepete, choncho dzanja limodzi likamagwera kumbali, mphamvu zingafanane bwanji kulira sikungafanane. Chachitatu ndi kutalika. Khalani kutsogolo kwa galasi, kapena imikani foni ikujambuleni kuchokera kutsogolo. Ambiri amadabwa kuona kamtengo kamanja kakukwera masentimita 20 pomwe kamanzere kakuthera pa 10. Chachinayi ndi njira imene kamtengo kakuyenda: kamanja kamatsika molunjika, kamanzere kamabwera chammbali ngati kakusenga udzu, chifukwa chigongono chatuluka kapena dzanja lapindikira mkati.

Pokonza kutalika ndi njira, menyani manja onse awiri nthawi imodzi, pang'onopang'ono, mukuyang'ana pagalasi. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Timitengo tinyamukire pamodzi, tifike pamodzi, ndipo pamveke kulira kumodzi. Pakamveka "pla", ndiye kuti kamodzi kakufika mochedwa. Mukatero kasanu ndi katatu, siyani lamanja, lamanzere lipitirize lokha kasanu ndi katatu osasintha kalikonse, kenaka onse pamodzinso. Lamanja likhala ngati mphunzitsi wa lamanzere.

Kuwonjezera apo, dzanja lofooka lipatseni nthawi yochuluka kawiri. Lamanja likayeserera mphindi imodzi, lamanzere ziwiri. Choyeserera chilichonse chimene mumayamba ndi R, muchiyambenso ndi L. Kamenyedwe ka "Chi-ka-nda" kamathandiza kwambiri pano, chifukwa mukamasinthana manja katatukatatu, dzanja loyamba limasintha lokha: R L R, L R L. Lamanzere limakakamizika kutsogolera kamodzi pa kawiri kalikonse. Ndipo popeza magule ndi nyimbo zambiri zakwathu zimayenda patatupatatu, nthawi imeneyi simukuitaya.

Liwiro lanu ndi liwiro la dzanja lofooka. Kulimbikira lamanja, limene likutha kale, sikusuntha nambala ngakhale pang'ono.

Pa double stroke kumenya kwachiwiri kukufa

R R L L ikamamveka "TA-ta-TA-ta", mukuponya kamtengo kamodzi n'kusiya kachiwiri kwa mwayi. Kunjanja kwachiwiri kosathandizidwa kumakhala kofooka nthawi zonse. Ena pofuna kukonza amakanikiza kamtengo pachikopa, ndipo chimatuluka ndi "drrr" wosawerengeka, katatu kapena kanayi m'malo mwa kawiri. Zonsezi n'zolakwika ziwiri za vuto limodzi.

Bwererani pa 50 kapena 60, kanayi pa kugunda, ndipo kumenya kulikonse kukhale ndi kuponya kwakekwake kwa mfundo ya dzanja, timitengo tikukwera mofanana kawiri konse. Zikakhazikika, tembenuzani dala: koyamba kofewa, kachiwiri kotsindika. Poyamba zimakhala ngati dzanja likukana, ndipo kukanako ndi umboni wakuti mwapeza pamene panali pofooka.

Njira ina ndi kusuntha malo a metronome. Menyani R L L R, R L L R. Mukayang'anitsitsa, R amene akugwera pa kugunda kwa metronome ndi wachiwiri wa awiri, ndiye khutu lenilenilo limakukakamizani kumulimbitsa. Chitaninso L R R L, L R R L kuti lamanzere lilandire zomwezo.

Liwiro likamakwera, cha ku 100 ndi kupitirira, mfundo ya dzanja siingathenso kuponya kawiri, ndipo zala zimalowa ntchito. Pomenya koyamba dzanja limatsika, zala n'kutseguka pang'ono kulola kamtengo kunjanja. Pomenya kachiwiri zala zitatu zakumbuyo zija zimatseka msanga, kukokera kumbuyo kwa kamtengo kuchikhatho, pamene dzanja likukwera. Kutsegula, kutseka. Yesani dzanja limodzi, pang'onopang'ono kwambiri, mukuyang'ana zala. Ngati zala zakumbuyozo zinazolowera kuchoka pa kamtengo, apa mpamene mudzaone kuti palibe chokokera.

Pilo amathandiza chifukwa sanjanjitsa, ndiye kumenya kwachiwiri kumayenera kuchokera kwa inu. Koma mphindi ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. Woyeserera papilo pokhapokha amakhala ndi mkono wamphamvu koma wouma, ndipo akafika pa snare, ng'oma ija yokhala ndi timawaya kunsi kwake, amalimbana ndi kunjanja m'malo mokugwiritsa ntchito.

Paradiddle ikusokonekera pakati

Kuloweza R L R R, L R L L sikuvuta. Chimavuta n'chakuti mukafuna kutsindika koyamba, kumenya konse kumakwera nawo, kapena dzanja limachedwa kufika m'mwamba. Chifukwa chake n'chakuti pali mitundu inayi ya kamenyedwe kutengera komwe kamtengo kayambira ndi komwe kathera, ndipo ambiri amadziwa umodzi wokha.

Pali koyambira m'mwamba n'kuthera m'mwamba, kuja tafotokoza kale. Pali koyambira m'mwamba n'kuthera m'munsi: mumaponya mwamphamvu, kenaka zala zimagwira kamtengo kakangonjanja, nsonga n'kuima masentimita 3 kapena 4 pamwamba pa chikopa. Pali koyambira m'munsi n'kuthera m'munsi, kofewa, kongogwetsa nsonga. Ndipo pali koyambira m'munsi n'kuthera m'mwamba: mumagunda mofewa pamene dzanja lili pa ulendo wokwera.

Pa paradiddle zimayenda chonchi. R woyamba achokere m'mwamba, athere m'munsi. L wotsatira agunde mofewa n'kukwera nthawi yomweyo, chifukwa ndi iye adzatsindike pa gulu lotsatira. R R onse awiri akhale m'munsi. Kenaka L atsike mwamphamvu n'kuthera m'munsi, R agunde mofewa akukwera, L L akhale m'munsi. Cholakwika chofala chili pa kumenya kwachiwiri kuja: dzanja limakhala m'munsi mpaka nthawi itatha, kenaka limadzambatuka mochedwa, ndipo kutsindikako kumafika mopupuluma. Yesererani pa 40 kapena 50, mukunena pakamwa kuti "tsika, kwera, pansi, pansi". Pakutha pa sabata ziwiri dzanja limayamba kukwera lokha pa nthawi yake.

Double paradiddle, R L R L R R, L R L R L L, ndi kasanu ndi kamodzi, ndiye imakwana bwino pa "Chikanda-Chikanda". Lamulo la kukwera msanga ndi lomwelo.

Nambala yaima malo amodzi kwa milungu

Ngati kagwiridwe kali bwino, manja akufanana, koma simukudutsa nambala ina yake, onani kaye kutalika. Kamtengo sikangakwere masentimita 30 pa 120 monga kamachitira pa 60. Liwiro likamakwera, timitengo titsike, mwina kufika pa masentimita 8 kapena 10, ndipo ntchito ichoke ku mkono kupita ku mfundo ya dzanja ndi zala.

Kenaka gwiritsani ntchito timaliwiro tatifupi. Ikani metronome 10 pamwamba pa liwiro lanu. Menyani "Zomba" katatu, "Matawale" kamodzi, n'kubwerera ku "Zomba". Dzanja limalawa liwiro latsopanolo kwa kanthawi kochepa moti silipeza mpata wouma. Zikamveka zoyera, chitani "Zomba" kawiri ndi "Matawale" kawiri, mpaka "Matawale" yekhayekha.

Makwerero nawonso amathandiza: metronome ikhale pa 60 osasintha, inu mumenye kawiri pa kugunda, kenaka katatu, kanayi, kasanu ndi kamodzi, kasanu ndi katatu, gawo lililonse kugunda 16, n'kutsikanso momwemo. Kutsikako n'kovuta kuposa kukwera, chifukwa manja amafuna kupitiriza kuthamanga.

Pokweza metronome, kwezani ndi 4 kapena 5, osati 20, ndipo pokhapokha mwamaliza mphindi imodzi yoyera katatu motsatizana. Mphindi 30 tsiku lililonse zimapindulitsa kuposa maola atatu Loweruka lokha pokonzekera mapemphero a Lamulungu, chifukwa manja amakhazikitsa zimene aphunzira pa nthawi yopuma pakati pa tsiku ndi linzake.

Mukuthamangitsa nyimbo

Oimba kwaya akamadandaula kuti nyimbo imatha ikuthamanga kuposa mmene inayambira, malo oyamba kuyang'ana ndi pamene mumazungulira ng'oma polumikiza ndime ndi kolasi. Ambiri amagwira mpweya akafika pamenepo, thupi limauma, manja n'kuthawa. Yesererani ndi metronome: kugunda 12 kwa biti wamba, kugunda 4 kwa R L R L pa snare, n'kubwerera, mukutulutsa mpweya dala pa zinayi zomalizazo. Mukagwera ndendende pa metronome, kulira kwake kumabisika pansi pa kumenya kwanu. Mukaimva bwinobwino, ndiye kuti muli patsogolo kapena pambuyo pake. Zikayamba kuyenda, ichepetseni ndi theka, mwachitsanzo kuchoka pa 100 kufika pa 50, inu osasintha liwiro, kuti izikukumbutsani mwa apo ndi apo m'malo mokunyamulani.

Pathabwa zikuyenda, pa ng'oma zikubalalika

Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, ng'oma sizinjanja mofanana. Snare yokungika imabweza kamtengo msanga, pomwe tom yaikulu yapansi, yachikopa cholefuka, imakameza. Double stroke imene imadalira kunjanja kokha imafera pomwepo. Tengani choyeserera chilichonse muchiyendetse pa ng'oma zonse, kanayi pa iliyonse, pa liwiro lotsika.

Chachiwiri ndi mpando. M'matchalitchi ambiri woimba ng'oma amapatsidwa mpando wapulasitiki wokhala ndi moika mikono, kapena benchi yotsika. Moika mikonomo mumatsekereza zigongono, ndipo mpando wotsika umakweza mawondo kuposa chiuno, n'kupangitsa msana kupindika. Pezani situlu yopanda moika mikono, yokwera moti chiuno chikhale pamwamba pang'ono kuposa mawondo. Snare ikhale cha pa lamba, pamwamba pang'ono pa ntchafu, kuti dzanja lisamagunde mwendo.

Chachitatu ndi phazi, ndipo apa m'pofunika kuleza mtima. Ubongo umakonda kumangirira phazi lamanja ku dzanja lamanja, moti phazi likaponda, dzanjalo limatsindika nalo osatumidwa. Kuti muzimasule, manja azimenya R L R L mofewa pa 50, ndipo phazi liponde bass drum, ng'oma yaikulu yoimbidwa ndi phazi, pa "Ma" pokha kwa mphindi imodzi. Kenaka pa "wa" pokha. Ziwirizi n'zosavuta chifukwa zikugwera pamodzi ndi R. Tsopano pondani pa "ta" pokha, kenaka pa "le" pokha. Apa phazi likugwera ndi L, ndipo mudzaona manja akufuna kuima kapena kusinthana. Mvetserani zinthu ziwiri: kulira kwa manja kusasinthe kukula phazi likaponda, ndipo phazi ndi dzanja zimveke ngati kugunda kumodzi, osati "pla". Zikakuvutani, zimitsani metronome, muchite gawo limodzi lokha mobwerezabwereza, L ndi phazi pamodzi, kenaka muwonjezere R wa patsogolo pake.

Zimenezi zikakhazikika, ikani phazi mumzere womwewo ndi manja: R, L, phazi, pa "Chi-ka-nda". Kenaka tengani paradiddle, dzanja lamanja pa hi-hat (mbale ziwiri zachitsulo zovundikirana zija), lamanzere pa snare, phazi pa R woyamba. Mudzamva kuti choyeserera chija chasanduka biti yoti gulu n'kuimbira.

Pozungulira ng'oma kuchoka pa snare kupita kumanja, tsogozani R. Pobwerera kumanzere tsogozani L, kapena ikani R R kapena L L pamalo osinthira. Timitengo tikamagundana m'malere, vuto ndi limeneli, osati liwiro.

Timitengo, nyengo ndi thupi

Pogula timitengo, tigubuduzeni pa tebulo losalala. Kokhota nsonga yake imagwedezeka. Kenaka gwirani kamodzikamodzi momasuka pafupi ndi khutu, mukagogode ndi chala. Tiwiri tabwino timalira mofanana. Ambiri amapangidwa ndi mtengo wa hickory. 7A ndi wowonda ndi wopepuka, 5A ndi wapakati, 5B ndi 2B ndi onenepa. Woyamba kumene asathamangire 7A poganiza kuti chopepuka chimathamanga. Kamtengo kolemerako pang'ono kamanjanja momveka bwino m'dzanja. Ngati mukupangitsa kwa kalipentala, paini wa kuphiri ndi wofewa, amaphwanyika msanga. Pemphani mtengo wolimba, wouma bwino, tonse tiwiri tichokere pa thabwa limodzi, kutalika masentimita 40, kunenepa pafupifupi mamilimita 14.

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, zala zimauma ndipo nambala yanu imatsika. Viikani manja m'madzi ofunda kapena atikiteni, ndipo mphindi zisanu zoyamba zikhale za pang'onopang'ono. M'chilimwe, cha mu October, thukuta limapangitsa timitengo kuterera, ndipo dzanja limafinya posadziwa. Khalani ndi kansalu kouma, kapena palani pang'ono vanishi wa pogwirira ndi sandipepa wosalala. Nthawi ya dzinja ng'oma za chikopa cha nyama zimalefuka ndi chinyontho, kunjanja n'kuchepa; zimenezo si manja anu, ikungeni kapena iwotheni moto monga mwa nthawi zonse.

Kutopa kwa minofu ya mkono n'kwabwinobwino, ndipo kumatha mukapuma. Ululu wobaya pa mfundo ya dzanja kapena pachigongono ndi wina, ndipo dzanzi pa chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati ndi chizindikiro chakuti mtsempha ukupanikizika. Zikatero siyani tsiku lomwelo, pumulani masiku angapo, ndipo zikapitirira sabata imodzi kapena ziwiri pitani kuchipatala. Matuza obwerezabwereza pamalo amodzi akuonetsa pamene mukufinya. Makutu akamalira mukachoka pa ng'oma, phokoso lawapyola muyeso. Snare ndi cymbal (mbale zachitsulo zomenya) m'chipinda chaching'ono cha malata zimaononga makutu mosabwezeka, ndiye valani zotsekera m'makutu.

Kagawidwe ka mphindi 30

Mphindi zisanu zoyamba zikhale za kuponya ndi kulola kunjanja, kasanu ndi katatu dzanja lililonse, pa 60. Zisanu zotsatira single stroke, theka mukutsogoza L. Zisanu ndi ziwiri double stroke, kuphatikizapo R L L R. Zisanu paradiddle yotsindika koyamba. Zisanu phazi pa maphatikizo anayi a "Matawale". Zitatu zomaliza timaliwiro tatifupi, manja atafunda kale. Ngati chimodzi mwa zimenezi ndicho chikukuvutani kwambiri, chipatseni mphindi 10 ndipo muchepetse zinazo, koma zisanu zoyambazo musazikhudze.

Sungani kope. Tsiku lililonse lembani deti, choyeserera, ndi nambala imene mwamaliza nayo mphindi yoyera. Lachisanu lililonse dzijambuleni ndi foni masekondi 30 pa choyeserera chimodzimodzicho, foni ili pamalo omwewo, kuti muziyerekeza ndi za sabata yatha. Tsiku limene nambala yatsika, musaikakamize: tsitsani metronome ndi 10, yang'anani chikhadabo cha chala chachikulu, onani kutalika kwa timitengo pagalasi, ndipo mumalize mphindi zanu pa liwiro limenelo. Ikatsika masiku atatu otsatizana, pumulani tsiku limodzi lathunthu, kenaka muyambirenso 15 pansi pa nambala yomaliza imene munalemba m'kope.